Mbale Zimene Zinkabwerera Zodzaza

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinapumira pa ntchito nthawi yanga isanakwane. Ena mwa inu mumati anali maondo. Maondo ankapweteka, sindikukana, koma si amene anandichotsa ku hositelo. Za ubwana wanga ndinakuuzani kale mpaka munatopa nazo, ndiye pano ndiyambira pa ntchito.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yolangiza amayi pa kachipatala kena ka mishoni kunsi kwa mapiri kuno. Anandiika m'chipinda cha ana onyentchera. Bwana wanga anali asisiteri ena aafupi, oyenda mofulumira, amene sankafuna kuona munthu atakhala pansi dzuwa likadali m'mwamba. Tinkaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kuyeza ana pa sikelo, ndi kuphunzitsa amayi kusakaniza zakudya zimene ambiri a iwo analibe n'komwe kunyumba. Januwale ndi Febuluwale chipinda chinkadzaza mpaka ena kuyala pansi pa mabedi. Ana otupa mapazi, tsitsi lofiira, olira opanda mawu. Mkaka unkatha, shuga unkatha, ndipo asisiteri ankandituma kukapempha mtedza m'midzi pa njinga yopanda mabuleki. Ndinatuluka m'chipinda chimenecho ndikudziwa chinthu chimodzi: mwana amaonda chifukwa chakudya palibe, kapena chifukwa m'thupi muli matenda. Chifukwa chachitatu sindinkachidziwa, ndipo wina akanandiuza ndikanamuseka.

Zaka za ku Golomoti

Atandisamutsira ku Golomoti, inu munali aang'ono. Inali nthawi ya matenda aja amene anatitengera abale ambiri, pamodzi ndi bambo anu aang'ono. Munthu akaonda anthu ankamuloza ndi milomo. Atsikana ankagula timapiritsi tonenepetsa pa msika kuti asanenedwe, ine n'kumawakalipira kuti adziwononga. Kenako inabwera njala ija ya 2002, pamene anthu ankakumba mitsitsi ya nthochi ndi kulimbirana madeya ku chigayo. Sindilemba zambiri za chaka chimenecho. Ndinganene kuti kuyambira pamenepo sindipirira kuona chakudya chikutayidwa, ndipo inu mukudziwa bwino chifukwa makutu anu ndi amene anavutika nazo.

Kuyambira cha m'ma 2010, ku hositelo

Ntchito ya ulangizi itatha, ndinapeza malo a umetironi pa sukulu ina ya sekondale chakufupi ndi Mtakataka, kuyang'anira atsikana ogonera pomwepo. A hedi anali bambo Mwale, munthu wosamwa, wosakweza mawu, amene mtima wake wonse unali pa zotsatira za mayeso. Zaka zoyamba nkhondo yanga inali ya chakudya chochepa. Nyemba zinkabwera zofumbwa, nkhuni zinkatha pakati pa temu, mjigo unkawonongeka mwezi wotentha weniweni. Belu la nkhomaliro likalira atsikana ankathamanga ngati kukupsa nyumba, ndipo milandu yambiri imene ndinkaweruza inali ya nkhoko za mumphika ndi ya zigumu zobedwa m'masutukesi. Ndinkadandaula, koma nkhondo imeneyo ndinkaidziwa.

Zinthu zinasintha mafoni atachuluka. Lamulo linkaletsa, koma ankawabisa m'mapilo, m'zitini za ufa wa phala, ngakhale m'denga la bafa. Amene anayamba kuona kuti pali china chachilendo anali a Simoni, otiphikira, amene ankatenga zotsala kukapatsa nkhumba zawo. Tsiku lina anandiitana kuseri kwa khitchini n'kundionetsa ndowa yodzaza.

"A metironi, chaka chino nkhumba zanga zikudya ngati ana a nduna. Kodi ndayamba kuphika moipa?"

"Mukuphika ngati kale, a Simoni. Zoipa zake ndi zomwe zija."

"Nanga bwanji mbale zikubwerera zodzaza?"

Nditafufuza ndinapeza zoti kagulu ka atsikana a Fomu 3 ndi Fomu 4 kanapangana zochepetsa thupi kuti afanane ndi akazi amene ankawaona pa mafoni. M'mawa ankamwa madzi otentha a ndimu m'malo mwa phala. Ena ankadzimanga mimba ndi malamba mpaka kulephera kupuma m'kalasi. Tsiku la msika ankatuma anzawo oyendera kukawagulira tiyi wina wa m'timapepala amene mayi wina ankagulitsa ponena kuti amasungunula mimba, pamene ntchito yake inali kutsegula m'mimba basi. Ku zimbudzi kunkakhala mzere ngati ku chigayo. Ndinawasonkhanitsa onse pansi pa mtengo wa mango ndipo ndinalankhula mpaka mawu kusasa. Ndinawauza za ana amene ndinawanyamula ndi manja awa atafa ndi njala, za makolo awo amene akugulitsa mbuzi kuti iwo adye katatu. Onse anazyolika. Nditamaliza, mmodzi anakweza dzanja mwaulemu.

"Koma a metironi, ifetu sitikufa. Tikungofuna shepu."

Ndinalanda malamba ndi tiyi uja n'kukaponya m'dzenje. Kunena zoona ambiri anasiya okha pasanapite nthawi, chifukwa njala ya mwana wa sukulu si yosewera nayo, ndipo fungo la mandasi a pa geti linandithandiza kuposa ulaliki wanga. A Simoni anayambanso kudandaula kuti nkhumba zikuonda. Ndinaganiza kuti zatha. Koma mbale imodzi inapitirira kubwerera yodzaza.

Chaka changa chomaliza

Mwini mbaleyo anali Lusiya, mtsikana wa Fomu 4, mwana wa aphunzitsi ena a pulayimale a chakufupi ndi Mua. Sanali m'kagulu kaja n'komwe. Anali wofatsa, woimba kwaya, wosachedwa pa chilichonse, ndipo chiyambire Fomu 1 palibe amene anamuposa m'kalasi. Sukulu yathu inali isanatumizepo mtsikana ku yunivesite, ndiye aliyense, kuyambira a hedi mpaka a mlonda, ankati chaka chino Lusiya atichotsa manyazi. Thupi lake linali la mtsikana wamba, lodzaza bwino ngati la mayi ake.

M'mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, ndinamupeza atakhala pa khonde atavala juzi.

"Lusiya, juzi dzuwa limeneli?"

"Ndikumva kuzizira, a metironi."

"Kuzizira ku Mtakataka mwezi uno? Wadya?"

"Ndadya."

"Wadya chiyani?"

"Ndadya, a metironi."

Ndinamugwira mkono ndipo zala zanga zinakumana. Anzake anandiuza kuti chakudya amalandira, n'kuchigawa kwa ana a Fomu 1, ndipo m'mawa anthu asanadzuke amathamanga kuzungulira bwalo la mpira. Atandiuza yekha kuti wasiya kusamba kumwezi, mtima wanga unapita kumene wa metironi aliyense umapita. Ndinamutengera ku chipatala chaching'ono chapafupi. Anamuyeza mimba, malungo, shuga, chifuwa chachikulu, magazi. Sanapeze kanthu. A dokotala anandiuza kuti, "Mwanayu alibe vuto, mayi. Azidya basi." Azidya basi. Ngati kuti ine ndinali ndisanaganizepo zimenezo.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinamukhazika pafupi nane pa nthawi ya chakudya, iye n'kumangosuntha nyemba kuchoka mbali ina ya mbale kupita ina. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinamuopseza kuti ndiitana makolo. Lamlungu lina titachoka ku Misa ndinamutengera kunyumba kwanga, ndinaphika mpunga ndi usipa wauwisi wothira tomato, chakudya chimene mtsikana aliyense wa ku hositelo akanagulitsa nacho nsapato. Anayang'ana mbale ija ngati muli njoka, misozi n'kuyamba kutsika.

"Mwana iwe, ndiuze. Wakulakwira ndani?"

Kenako anandiuza. Pa holide yapitayo anapita ku Lilongwe kukaperekeza ukwati wa msuweni wake. Pophunzira magule, mayi amene ankawaphunzitsa anamuimitsa pamaso pa onse n'kunena kuti, "Iwe wa kumudzi, mimba imeneyi tiibisa kuti?" Onse anaseka. Anamuchotsa kutsogolo n'kumuika kumapeto kwa mzere, ndipo pa zithunzi za ukwati amangooneka phewa.

"Ndiye ukudzipha chifukwa cha mawu a mayi wophunzitsa magule? Amene mwina dzina lako analiiwala kale?"

"Si iwowo ayi, a metironi. Poyamba anali iwo. Pano ndikangodya, mumtima mumabwera mawu oti ndalephera." Anakwinya juzi n'kudzitsina pa mkono. "Taonani mafuta awa."

Ana anga, panalibe choti n'kutsina. Linali khungu lokha. Ndinamuimika pa galasi langa la kuchipinda, ine kumbuyo kwake, ndipo tonse tinkayang'ana munthu mmodzi koma tikuona anthu awiri osiyana. Tsiku limenelo ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti mwanayu sakunama. Zimene ankanenazo ankaziona ndithu.

Ndinapita kwa a hedi. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anandifunsa kuti, "Mayeso a temu ino wakhoza bwanji?"

"Nambala wani, monga mwa nthawi zonse."

"Mwaonatu. Mwana wodwala sakhoza masamu chonchi. Ndi mantha a mayeso amenewa, mayi. Akangolemba zitha. Tisamusokoneze."

Bambo ake atabwera kudzamutenga potsekera, ndinawakhazika pansi. Anali munthu wophunzira, wovala tayi ngakhale pa njinga, ndipo mwana wawoyo ankamukonda kwambiri. Koma nditafotokoza anaseka pang'ono.

"Amayi, mukundiuza kuti mwana wanga akudwala matenda osafuna kudya? Ine ndaphunzitsa ana obwera m'kalasi osadya chilichonse chigonere. Amenewa ndi matama. Ndikathana nawo kunyumba."

Kunyumbako bambo ankaima pambali pake mpaka amalize mbale, iye n'kukasanza kuseri kwa khola. Mayi ake, amene ankagulitsa tomato pa Golomoti, ankakhulupirira kuti ndi nsanje ya achibale, ndipo anamutengera ku mapemphero mobisa. Azakhali ena anabweretsa mankhwala a zitsamba. Aliyense anali ndi yankho lake, ndipo mwana anabwerera ku sukulu siketi ataimanga ndi chingwe. Tsitsi linayamba kuthothoka. Aphunzitsi ena ankamuyamikira pa asembule kuti ndi chitsanzo chifukwa sataya nthawi ku chakudya, amakhala akuwerenga. Ndinkachita kuluma mlomo.

M'nyengo yozizira, mayeso atayandikira, Lusiya anagwa pa mjigo m'mawa ali ndi ndowa pamutu. Anzake anamunyamula, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti ndowa ija inkalemera kuposa iye. A hedi anati ndipite naye akamuike diripi n'kubwera naye madzulo. Ku chipatala kuja tinapeza dokotala wina watsopano, mtsikana ndithu. Anamvetsera mtima wa Lusiya nthawi yaitali, anayezanso kachiwiri, kenako ananditengera panja.

"Amayi, mtima wa mwanayu ukugunda pang'onopang'ono kwambiri. Uyu si wa diripi. Akuyenera kukafika ku chipatala chachikulu ku Lilongwe lero. Ambulansi yathu ilibe mafuta."

Ndinaimbira a hedi. Anati, "Musachoke naye popanda chilolezo cha bambo ake. Akakamugoneka kumeneko mayeso amuphonya, ndipo mlandu umenewo ine sindingausenze." Ndinaimbira bambo ake. Anati, "Mubwerere naye ku sukulu. Zaka zinayi zimenezi zisapite pachabe chifukwa cha chizungulire. Ndibwera Loweruka." Ndinawauza zimene dokotala ananena, iwo anati madokotala a masiku ano amakonda kuopseza. Pomaliza ndinaimbira mayi ake. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la msika.

"Pa nkhani ya sukulu ine mawu ndilibe, a metironi," anatero. "Koma mukakwera mundiuze. Ndikutsatirani."

Ndinaima m'mbali mwa msewu ndi mwana wa eni atatsamira paphewa panga. A hedi sankalakwa kuti lamulo silindilola. Bambo aja sankalakwa kuti mwana ndi wawo, ndiponso kuti mwayi ngati umenewu kwathu kuno subwera kawiri. Mwina Lusiya akanatha kufika Loweruka. Mwina akanalemba mayeso onse n'kukhoza. Ine sindine dokotala, ndipo dzina la chimene chinkamudyacho sindinkalidziwa. Ndinkangomva kuzizira kwa dzanja lake m'dzanja langa. Minibasi ya ku Salima, kumene tikanakwerera ya ku Lilongwe, itaima, ndinamukweza.

Titayenda pang'ono anazindikira kuti sitikubwerera ku sukulu. Analibe mphamvu zolimbana nane. Anangonditembenukira n'kunena motsitsa kuti, "Mwandiwonongera moyo. Sindidzakukhululukirani."

"Chabwino," ndinatero. "Uzidana nane uli moyo."

Ku Lilongwe anamugoneka tsiku lomwelo. Mayi ake anafika madzulo ndi chitenje chonunkha tomato. Patapita masiku kunabwera dokotala wina wachizimayi woona za matenda a maganizo, amene anatikhazika pansi ine ndi mayi ake. Anatiuza kuti matendawa ndi odziwika, ali ndi dzina lachingerezi limene lilime langa limakana mpaka lero, ndipo amapha. Anati si matama, si ufiti, ndiponso si chinthu chimene mwana angasiye chifukwa wakalipiridwa. Anatinso munthu amene thupi lake lafika pamenepa sapatsidwa chakudya chambiri nthawi imodzi, chifukwa chimenechonso chikhoza kuimitsa mtima, ndiye ayenera kuyamba pang'onopang'ono madokotala akumuyang'anira. Ndinamufunsa ngati ku Malawi kuno aliponso ena otere. Anati alipo, kungoti ambiri safika kwa iye, amathera ku mapemphero ndi ku diripi.

Anzake ankalemba mayeso iye ali pa bedi. Ine nditabwerera ndinapeza komiti ya sukulu ikundidikira. Bambo ake anali atakadandaula kuti ndinatenga mwana wawo popanda chilolezo. Tinakhala m'kalasi pa mabenchi a ana, anthu akuluakulu, kukambirana ngati ndinali ndi ufulu wokwera minibasi. Palibe amene anafunsa kuti mwana ali bwanji mpaka ine nditanena ndekha. Wapampando anati nkhani yoti mtsikana wa kuno angadwale matenda a azungu ndi yovuta kuikhulupirira. Ndinawauza kuti apite akamuone, thiransipoti ndiwalipirira. Sanapite. Mapeto ake anandipempha mwaulemu kuti ndipume temu ikatha. A hedi anandiperekeza mpaka pa geti tsiku lonyamuka.

"Mwina munachita bwino, mayi," anatero. "Koma mwana wa munthu satengedwa choncho."

"Nanga amatengedwa bwanji, a hedi? M'bokosi?"

Anandithandiza kukweza matiresi pa njinga ya kabaza, ndipo tinasiyana popanda chidani.

Chaka chatha

Lusiya sanachire msanga. Anatuluka, anabwereranso, anatulukanso. Mayi ake ankapita naye ku Lilongwe kukaonana ndi dokotala uja mpaka bizinesi ya tomato inagwa. Mayeso analemba chaka chotsatira pa sukulu ina, anakhoza, koma osati mmene tonse tinkayembekezera. Ku yunivesite sanapite. Pano akuphunzira za uphunzitsi. Bambo ake tikakumana ku tchalitchi amangogwedeza mutu, ine n'kugwedezanso wanga. Sindikudziwa ngati ndi moni kapena mlandu.

Kwa nthawi yaitali mwanayo sanandilankhule. Ndiye chaka chatha, masana ena ndikusenda chinangwa pa khonde, ndinangoona munthu waima pa mpanda. Ndinamuzindikira ndi kaimidwe kuti ndi Lusiya. Sanapepese, inenso sindinapepese. Anatenga mpeni wina n'kukhala pansi, tinasenda limodzi, ndipo chitapsa ndinaika mbale ziwiri ndi tiyi.

"Sindinachiriretu, a metironi," anatero akunyema chinangwa. "Mawu aja amabwerabe. Kungoti pano ndimadziwa kuti si anga."

Anali atangoyamba kudya pamene mayi a Fulo, aneba anga aja mumawadziwa, analowa kudzabwereka sefa. Ankamudziwa Lusiya kuyambira ku kwaya. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yonse ikusangalala, ndipo ananena ndi mtima wabwino zimene aliyense kuno amanena akafuna kukuyamikira.

"Koma ndiye wanenepatu, mwana iwe. Masaya onsewa?"

Dzanja la Lusiya linaima pakati pa mbale ndi pakamwa. Ine ndinadzuka ndi maondo anga omwewa, ndinawapatsa sefa mayi aja, ndinawagwira pa chigongono n'kuwaperekeza mpaka ku msewu, iwo akufunsa kuti alakwa chiyani. Ndinawauza kuti ndidzawafotokozera tsiku lina, ndipo sefayo asabweze msanga. Pobwerera ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuopa chimene ndikapeze.

Ndinamupeza atakhala pomwe paja, maso ali ofiira, chinangwa chija chikadali m'dzanja. Ndinakhala pansi n'kutenga changa. Sindinamuyang'ane. Patapita kanthawi ndinamva akutafuna.

"Muli ndi mchere, a metironi?" anafunsa.

Ndinapita kukautenga.